Kukongoletsa Nyumba pa Usiku wa Halloween: Malangizo kwa Mabanja Okhala Kunja

Mabanja ambiri a kwathu amene amakhala ku Britain, ku Ireland kapena ku America amakumana ndi funso limodzimodzi mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto. Mwana amabwera kuchokera kusukulu atanyamula chithunzi cha dzungu la mano akuthwa, ndipo amafuna kudziwa chifukwa chake nyumba za anzake zili ndi mileme pamawindo pamene yakwawo ili mbee. Imeneyi ndi nyengo ya Halloween, usiku wa pa 31 Okutobala pamene ana amavala zoopseza n'kumagogoda m'makomo kupempha maswiti. Makolo ena amakana kotheratu chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo palibe amene angawakakamize. M'misewu yambiri ya ku Britain nyumba yopanda chokongoletsa chilichonse, yozimitsa getsi la pakhomo, ana amangoilambalala osagogoda. Malangizo awa ndalembera kholo limene lasankha kuvomera, koma silikufuna kuthera ndalama pa zidole za pulasitiki zimene zidzatayidwa pa 1 Novembala.

Mfundo imene ndikufuna muisunge kuyambira pachiyambi ndi yakuti chimene chimachititsa nthumanzi ndi mdima ndi kuwala, osati kuchuluka kwa katundu. Aliyense amene anakulira kumudzi amadziwa kuti chitsa cha mtengo chimene amachidutsa masana osachiyang'ana n'komwe chimasanduka munthu wonjuta mwezi ukangobisala m'mitambo. Ntchito yanu yonse ndi kupanga zitsa zoterozo mwadala.

Yambani ndi kusankha malo amodzi ndi nkhani imodzi

Kutatsala milungu iwiri, tulukani panja madzulo, imani pamsewu ndipo muyang'ane nyumba yanu monga momwe mlendo adzaionere. Nthawi imeneyi ndi yofunika chifukwa ku Britain mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, kotero kuti pa 31 dzuwa ku London limalowa isanakwane 5 koloko, ndipo ana aang'ono amayamba kugogoda mdima utangoyamba kumene. Onani pamene getsi la mumsewu likuwalira ndi pamene pali mthunzi. Malo amdimawo ndiwo chuma chanu.

Kenako sankhani malo amodzi okha: windo loyang'ana kumsewu, khonde, kapena kanjira kochokera kugeti kufika pachitseko. Mukatero sankhaninso nkhani imodzi, monga nyumba yosiyidwa imene akangaude ailanda, phanga la mileme, kapena munda wa maungu amene adzuka usiku. Kulakwitsa kumene ndimakuona chaka ndi chaka ndi kwakuti munthu amasonkhanitsa chigaza, mfiti, kangaude, mzukwa ndi chibaluni cha dzungu pamalo amodzi, ndipo mapeto ake khomo limaoneka ngati benchi ya pamsika. Mitundu nayonso ichepe. Wakuda ndi wa lalanje ndi yokwanira, ndipo woyera pang'ono ungawonjezedwe pa mizukwa.

Pali zinthu zina zimene ine sindiziika pakhomo langa, ndipo ndikulangizani muziganizire bwino. Zigoba za Gule Wamkulu si zidole zoopsezera ana a eni. Ndi za mwambo wamoyo umene uli ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Chidole cholendewera pachingwe mumtengo chimakumbutsa anthu ena imfa zenizeni, makamaka ku America kumene chimadzutsa mbiri ya anthu akuda amene ankapachikidwa ndi magulu achiwembu. Manja ndi miyendo yodukaduka ya pulasitiki imagulitsidwa paliponse, koma kwa ife amene tikudziwa zimene abale athu achialubino akumana nazo, zimenezo sizoseketsa. Ngati mwapanga ziliza za makatoni, musalembepo dzina la munthu weniweni, wamoyo kapena womwalira.

Kusema dzungu

Dzungu ndilo mtima wa zonse, choncho ndichedwapo. Mwambo wake unachokera ku Ireland ndi ku Scotland, kumene anthu akale ankachita chikondwerero cha Samhain posonyeza kutha kwa zokolola ndi kuyamba kwa nyengo yozizira. Dzina lakuti Halloween limatanthauza madzulo otsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, limene Akatolika amalikumbukira pa 1 Novembala. Anthu a kumeneko sankasema maungu ayi. Ankasema mizu ikuluikulu ya tanaposi, yolimba ngati chikuni, n'kuikamo kamoto. Atasamukira ku America ambirimbiri, makamaka panthawi ya njala imene inayamba mu 1845, anapeza dzungu, limene ndi lalikulu komanso lofewa, ndipo anasiya kuvutika ndi tanaposi. Amene anayesapo kuboola muzu umenewo ndi supuni amamvetsa chifukwa chake.

Pogula, sankhani dzungu lolimba paliponse, lopanda bala, lokhala ndi phesi louma, ndipo muliike pansi kuti muone ngati likukhazikika. Mungathe kuligula msanga n'kulisunga pamalo ozizira, koma musaliseme msanga. Dzungu losemedwa limayamba kufota ndi kuchita chuku pakangopita masiku ochepa, makamaka m'nyumba yotenthetsedwa, choncho semani pa 29 kapena pa 30.

Yalani manyuzipepala patebulo. Anthu ambiri amadula chivundikiro pamwamba mozungulira phesi, ndipo ngati mwasankha njira imeneyi pendeketsani mpeni kuti nsonga yake iloze pakati pa dzungu, chifukwa mukadula choongoka chivundikirocho chidzagwera mkati. Ine ndimakonda kuboola pansi: dzungu limakhala lowoneka lathunthu pamwamba, madzi ake amatsikira pansi m'malo mosonkhana mkati, ndipo mumangolivundikira pa nyali yanu monga muvundikirira nkhuku ndi dengu. Chotsani matumbo ndi nthangala ndi manja, ntchito imene ana amaikonda kwambiri, ndipo palani mkati ndi supuni yachitsulo mpaka khoma la mbali imene mudzasemeko nkhope litsale lochindikala masentimita awiri kapena atatu. Khoma lochindikala kwambiri limavuta kudula ndipo limatsekereza kuwala.

Mwana ajambule nkhope papepala, inu muimate padzungu ndi tepi, ndipo muboole timabowo motsatira mizere pogwiritsa ntchito msomali kapena singano yaikulu. Mukachotsa pepalalo mudzaona madontho oti muwatsatire. Kudula kwenikweni ndi ntchito ya munthu wamkulu. Gwiritsani ntchito kampeni ka mano ngati sowo, muzicheka pang'onopang'ono m'malo mokankha ndi mphamvu, dzanja linalo likhale kutali ndi kumene mpeni ukulowera, ndipo dzungu ndi manja zikhale zouma. Yambani ndi mabowo ang'onoang'ono a pakati pa nkhope, maso ndi mphuno, ndipo mumalize ndi kamwa, popeza bowo lalikulu likatseguka khoma limafooka. Kachidutswa kakathyoka molakwika, kabwezereni ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Za nkhopeyo ndinene izi. Maso ozungulira ofanana amapatsa dzungu nkhope yachimwemwe. Maso opendekera kumphuno amalipatsa ukali, ndipo diso limodzi likakula kuposa linzake nkhope imasokoneza woiyang'ana, chifukwa diso la munthu limayembekezera kuti mbali ziwiri za nkhope zifanane. Kamwa laling'ono lozungulira, ngati la munthu wodzidzimuka, nthawi zina limaopsa kuposa mano khumi. Mukamaliza pakani Vaseline m'mbali mwa mabala onse kuti asaume msanga, ndipo usiku liikeni panja pozizira kapena mufiriji ngati muli malo.

Nthangala musataye, zitsukeni, ziumitseni ndi kuzikazinga ndi mchere monga timachitira kwathu. Mnofu wake musauyembekezere zambiri, chifukwa maungu osema amalimidwa kuti akule ndi kuoneka bwino, ndipo ndi amadzimadzi poyerekeza ndi maungu aufa amene timawadziwa. Amathandiza mu supu basi.

Windo la zithunzithunzi

Ngati mukukhala m'nyumba yosanja yopanda khonde, windo ndilo bwalo lanu, ndipo palibe chokongoletsa china chimene chimabweza zambiri pa ndalama zochepa ngati ichi. Matani pagalasi lonse, mkati, pepala lopyapyala lolola kuwala, monga lija loyala m'chiwaya pophika keke, kapena pepala lofewa la lalanje. Dulani pakatoni kapena papepala lolimba lakuda chithunzi chachikulu chimodzi: mtengo wouma wa nthambi zokhotakhota, kadzidzi atatera panthambi, mphaka wotukumula msana, kapena dzanja lalitali lotulukira m'mbali mwa katani. Chimateni pakati pa galasi ndi pepala lopyapyalalo, ikani nyali ya patebulo pafupifupi mita imodzi kumbuyo kwake, ndipo zimitsani magetsi ena onse m'chipindamo. Tulukani panja mukaone. Kawirikawiri mudzapeza kuti chithunzicho chachepa, choncho dulani chachikulu kuposa momwe mukuganizira.

Mileme ndi yosavuta. Pindani pepala lakuda pakati, jambulani theka la mleme motsatira mpindirowo, dulani, ndipo mukatambasula mudzakhala ndi mapiko awiri ofanana. Pangani makumi awiri kapena atatu, yaikulu ndi yaing'ono, ndipo muimate pakhoma ngati gulu limene likuuluka kuchokera pangodya ya chitseko kukwera m'mwamba, yaing'ono pansi yothithikana, yaikulu pamwamba yotalikirana. Pindani mapiko pang'ono kuti atukuke pakhoma ndi kuponya mthunzi. Amene mukuchita lendi samalani ndi zomatira. Blu Tack, chomatira chofewa ngati phula, imasiya madontho a mafuta pa penti, ndipo tepi yamphamvu imasupula pentiyo, zinthu zimene mwini nyumba adzazikumbukira tsiku lobweza dipoziti. Yesani kaye pamalo obisika.

Mizukwa, ukonde wa kangaude ndi maso a m'tchire

Mzukwa woima wokha umapangidwa ndi nsalu yopyapyala ngati ya bandeji. Ikani kabaluni kofufumitsa pang'ono pakamwa pa botolo la malita awiri, ndipo mangani waya m'khosi mwa botolo kuti ukhale manja otambasuka. Sakanizani guluu woyera wa PVA ndi madzi ofanana naye muyeso, viikani nsaluyo, ifinyeni pang'ono, ndipo muiyale pamwamba pa botolo mpaka m'mphepete mwake mugwere patebulo, pamene mwayalapo pulasitiki. Nsalu ziwiri zosanjikiza zimalimba bwino. Siyani usiku wonse kuti ziume, phulitsani baluni, chotsani botolo, ndipo nsaluyo idzaima yokha yopanda kanthu mkati. Matanipo maso awiri akuda basi, popanda kamwa, ndipo muike kanyali ka batire pansi pake. Mzukwa waukulu wa pakhonde ndi shiti yakale yoyera yovekedwa pa baluni kapena pa mpira, yomangidwa ndi ulusi wa mbedza kuti mphepo iziyendetsa.

Ukonde wa kangaude wogula m'sitolo, uja wonga thonje, ukhale wa m'nyumba mokha. Ukayalidwa pa mpanda wa maluwa umakola mbalame, njuchi ndi tinyama ta minga totchedwa hedgehog, ndiponso umayaka msanga ukakhudza moto. Wa panja upangeni ndi ulusi wochindikala woluka majuzi. Mangani zingwe zinayi zopingasana pakati kuti zipange nthambi zisanu ndi zitatu, ndipo kuyambira pakatipo zunguliranitu ndi ulusi wina, mukumanga mfundo pa nthambi iliyonse ndi kukulitsa mpata pamene mukutuluka. Siyani malo amodzi odukaduka, chifukwa ukonde wangwiro umaoneka wa m'fakitale. Kangaude wake ndi thumba lakuda la zinyalala lodzaza manyuzipepala, lomangidwa pawiri kuti pakhale mutu ndi mimba, ndi miyendo isanu ndi itatu ya manyuzipepala opota okutidwa ndi tepi yakuda.

Ngati pakhomo pali zitsamba, tengani timipukutu ta katoni totsala pepala la kuchimbudzi likatha, dulanipo maso awiriawiri a maonekedwe osiyanasiyana, lowetsani mkati timitengo towala tija timayaka tikathyoledwa, tsekani mbali zonse ndi tepi, ndipo mubise m'masamba pa misinkhu yosiyana. Masana sizioneka n'komwe. Usiku chitsamba chonse chimakhala chikukuyang'anani.

Kuwala, kumene kumamaliza ntchito yonse

Tinazolowera kuona zinthu zikuwalitsidwa kuchokera kumwamba, ndi dzuwa kapena ndi babu la kudenga, kotero kuti mithunzi imagwera pansi pa mphuno ndi pansi pa chibwano. Kuwala kukachokera pansi mithunzi imatembenuka, ndipo nkhope yodziwika bwino imasanduka yachilendo. Ndi chifukwa chake mwana akaika tochi pachibwano anzake amakuwa. Choncho nyali zanu zonse zikhale pansi, zobisika kuseri kwa mphika wa maluwa kapena kwa dzungu, zoloza m'mwamba. Nthambi youma yoikidwa mu ndowa ya mchenga, tochi ili patsinde pake, imaponya pakhoma mthunzi waukulu kuposa nyumba. Babu loyera la pakhonde lisinthidwe ndi la lalanje, lobiriwira kapena lofiirira kwa usiku umodzi.

Moto weniweni ndikukulangizani muupewe. Zovala zimene ana amavala usikuwu zambiri ndi za nsalu zopyapyala zolendewera zimene zimayaka mofulumira, ndipo ana amathithikana pakhomo osayang'ana kumapazi. Gwiritsani ntchito timakandulo ta batire. Komabe dziwani kuti timeneti timakhala ndi mabatire ozungulira ngati ndalama yachitsulo, amene mwana akawameza amatha kuwotcha kummero mkati mwa maola ochepa, choncho gulani tokhala ndi chitseko chomangidwa ndi sikuluwu ndipo musatisiye pamene khanda lingatifikire. Nyali zamagetsi za panja zikhale zolembedwa kuti ndi za panja, zosalowa madzi, zolembedwa IP44 kapena kuposa, ndipo nthambo zisadutse pamene anthu akuponda.

Patebulo la m'nyumba mungachite chodabwitsa china ndi madzi a toniki, chakumwa cha m'botolo chowawa pang'ono. Muli kwinini, yemwe uja makolo athu ankamwa pochiza malungo, ndipo akawalitsidwa ndi babu la UV, lotulutsa kuwala kumene maso athu sakuona bwino, amawala mobiriwira ngati thambo. Thirani tonikiyo m'mabotolo agalasi ochotsa zolemba, muikemo timizu, masamba kapena tizidole ta tizilombo, ndipo muzimitse magetsi. Utsi woyenda pansi umene mumauona m'zithunzi umachokera ku ayezi wouma, amene ndi mpweya wa carbon dioxide wowundana pa madigiri 78 pansi pa ziro. Amawotcha khungu, amaphulitsa botolo lotsekedwa, ndipo m'chipinda chopanda mpweya wokwanira amabanikitsa. Pamene pali ana aang'ono ndi bwino kungomusiya.

Amene ali ndi ana okulirapo angayese mzukwa wa Pepper, njira imene John Henry Pepper anaionetsa ku London mu 1862 potengera maganizo a Henry Dircks, ndipo mabwalo a zisudzo akuigwiritsabe ntchito. Lumikizani makatoni awiri kuti apange ngodya ngati chilembo cha L, ndipo mkati monse mupake penti yakuda. Kumapeto kwa mkono umene woonera akuyang'anako konzani kachipinda ka zidole kowala pang'ono. Mu mkono wa m'mbali, umene woonera sakuuona, ikani kachidole koyera ndi tochi yake. Pangodya imikani galasi loonekera, monga la pa felemu ya chithunzi, mopendeketsa madigiri 45. Tochi yobisikayo ikazima, woonera amangoona kachipinda kudzera m'galasi. Ikayaka, chithunzi cha chidole chimaonekera pagalasi ngati chaima pakati pa kachipindako, ndipo mipando imaoneka kupyola m'thupi mwake. Pamafunika kuleza mtima posuntha galasi ndi tochi mpaka zigwirizane, koma mwana amene wazipanga yekha amakhala waphunzira sayansi ya kuwala osadziwa.

Phokoso likhale lochepa: mphepo, chitseko cholira, kapena kadzidzi wolira patalipatali, kuchokera pa foni yobisidwa pawindo. Anansi anu ali ndi makanda ndi agalu.

Tsiku lenilenilo ndi m'mawa mwake

Masana a pa 31 sesani masamba onyowa pakanjira, chotsani chilichonse chopunthwitsa, ndipo onetsetsani kuti masitepe akuoneka ngakhale pena ponse pali mdima. Mangani zolimba zonse zopepuka, popeza kumapeto kwa Okutobala kumakhala mphepo ndi mvula, ndipo makatoni muwatulutse madzulo omwewo. Yatsani dzungu mdima ukayamba, chifukwa dzungu loyaka pakhomo ndilo chizindikiro chakuti ana ali olandiridwa. Maswiti akhale okutidwa m'mapepala ake a kufakitale. Mandasi ndi zitumbuwa zophika nokha, ngakhale zikome bwanji, makolo osakudziwani sadzalola ana awo kudya. Sungani padera mbale ya zinthu zopanda mtedza, kapena timphatso tosadya monga mapensulo, chifukwa ana ambiri kuno mtedza umawadwalitsa koopsa. Ku America dzungu lopakidwa mtundu wobiriwira motuwira limadziwitsa makolo kuti pakhomopo pali mphatso zotere. Maswiti akatha, kapena ikamakwana 8 koloko, lowetsani dzungu ndi kuzimitsa getsi, ndipo kugogoda kudzatha kokha.

Musanatumize zithunzi pa gulu la WhatsApp la kumudzi, lembanipo mawu ofotokoza kuti ndi masewera a ana a kuno. Agogo amene aona chigaza ndi kadzidzi pakhomo la mwana wawo sadzaganiza za Ireland, ndipo kwathu nkhani zotere sizitengedwa mopepuka; mphekesera za anamapopa mu 2017 zinaphetsa anthu m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe.

M'mawa mwake chotsani zonse za panja, makamaka ulusi ndi zingwe. Dzungu lidulidwe n'kuponyedwa m'bini ya zakudya zotsala kapena pa manyowa a kudimba. Musakalitaye m'nkhalango poganiza kuti mukudyetsa nyama, chifukwa bungwe losamalira nkhalango ku Britain la Woodland Trust limachenjeza kuti limatsegula m'mimba ma hedgehog panthawi imene akufunika kunenepa pokonzekera kugona nyengo yozizira. Mileme ndi zithunzi za pawindo ziikeni mu envulopu yaikulu kuti zisapindike, mizukwa ya guluu isanjikizeni umodzi mkati mwa unzake m'katoni youma, ndipo chotsani mabatire m'tinyali tonse musanatisunge, kuopa kuti angadzatuluke madzi n'kuwononga tinyalito chaka chisanathe.